Ndimawerengabe mpweya wa anthu

Unamwino umayambira m'maso ndi m'khutu, jakisoni amabwera pambuyo. Wodwala asanatsegule pakamwa, ndimakhala nditaona kale mmene nthiti zake zikukwerera, n'kuwerenga kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu akapitirira ka 20 ndimakhala tcheru. Akafika 30, ndimathamangira silinda ya okosijeni.

Luso lomwelo ndilo likundizunza lero. Mu minibasi ya ku Kawale ndimangozindikira ndikuwerenga mpweya wa mayi amene wakhala pambali panga. Sakudwala ayi, wangothamangira galimoto atasenza thumba la ufa.

Covid-19 itangopezeka kuno ku Lilongwe mu Epulo 2020, makondakitala ena ankatikana akaona yunifolomu yoyera. Ndinkaipinda m'chikwama n'kumanga chitenje ngati wopita kumsika. Kunyumba, ana sankandikhudza mpaka nditasamba. Zonsezo zinali zopirika. Chinatithyola msana ndi Januwale 2021. Pa 12, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo posakhalitsa bwalo la zamasewero la Bingu linasanduka chipatala.

Usiku wina bambo wachikulire anandigwira dzanja. "Anesi, musachoke." Pabedi lina, kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni m'magazi kankaonetsa 70, pamene munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Ndinachoka. Pobwerera ndinapeza bambo aja atatsogola, dzanja lili pomwe ndinalisiya. Abale awo anali kuseri kwa mpanda, ndiye maso ndinawatseka ndine.

Kwathu maliro amakhala ndi siwa: anthu amagona pomwepo, amayimba, amalira mpaka mtima kuphwa. Ife siwa tinalibe. Tinkangosintha nsalu pabedi, wina n'kugonapo. Tisanapume n'komwe, kolera ya 2022 mpaka 2023 inatipezanso titavala magolovesi.

Amati namwino salira, ndipo ife tinakhulupirira bodza limenelo. Mnzanga wina anasiya ntchito, pano akugulitsa kaunjika. Wina tulo amatipeza atayamba wamwa. Ine ndidakalipo, ndipo mtsempha wa khanda ndimaupezabe kamodzi kokha poika diripi.

Sabata yatha ndikudutsa pamagalaja a ku Biwi, mnyamata wina anaphwetsa tayala. Mpweya uja utangoti fwiii, ndinaponya pansi jumbo ya tomato n'kutembenuka kufunafuna bedi limene silinda yake ikutha.