BOINC ikakhala chete pa Linux

Anzanga amene mwangochotsa Windows pa laputopu n'kuikapo Ubuntu, musafulumire kuifufuta BOINC, pulogalamu ija yobwereketsa mphamvu ya kompyuta yanu ku kafukufuku wa sayansi, ikakana kuyenda. Nthawi zambiri imakhala ili bwinobwino. Pa Linux pulogalamuyi imagwira ntchito payokha kuseri, pansi pa dzina lakelake la boinc, ndipo BOINC Manager imafuna chilolezo kuti ilumikizane nayo. Mawu achinsinsi ake ali mu fayilo ya gui_rpc_auth.cfg, mu /var/lib/boinc-client. Lowetsani dzina lanu m'gulu la boinc, tulukani n'kulowanso, muona mizere ya ntchito ija ikuyamba kusuntha.

BOINC ikanena kuti GPU sikuoneka, kawirikawiri ndi madalaivala a OpenCL kapena a NVIDIA amene sanaikidwe. Ntchito zina za pulojekiti ya LHC@home zimafunanso VirtualBox. Mapointi anu akale sanatayike ayi, ingolowani ndi imelo yomwe ija.

Chinanso, laputopu imatentha msanga. Ikani dzanja potulukira mpweya paja: mukamva kuwotcha ndipo fani ikulira osapuma, tsitsani CPU ifike pa 50%, muiuzenso BOINC kuti izipumula laputopu ikakhala pa batire.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ntchitoyi ndi yeniyeni. BOINC inayambira ku University of California, Berkeley mu 2002, ndipo kudzera mu pulojekiti ya Einstein@Home makompyuta a anthu wamba apeza ma pulsar, zotsalira za nyenyezi zozungulira mwaliwiro, zomwe akatswiri anali asanazione. Mutu umodzi susenza denga. Patulani madzulo amodzi mukonze zimenezi, makina anuwo abwerere pantchito.