Kutsuka Magalasi Akale a Zithunzi

Filimu isanatchuke, ojambula zithunzi ankagwiritsa ntchito magalasi opakidwa jelatini wosakaniza ndi mchere wa siliva, luso limene Richard Leach Maddox wa ku England analengeza mu 1871. Magalasi ena otere akadalipo m'mabokosi osatsekula, ndipo alipo amisiri ochepa amene amalimba mtima kujambulirapo ndi kuwatsuka.

Mdani wa mmisiri wotere ndi chifunga. Galasi likagonera zaka zambiri, makamaka pa malo otentha kapena a chinyezi, timibulu tina ta siliva timasintha tokha ngakhale kuwala sikunatikhudze. Pa nthawi yotsuka, timibulu timeneti timada pamodzi ndi tija tosunga chithunzi, motero nkhope ya munthu imamira m'mbuu monga phiri m'mawa wa mwezi wa Juni.

Mankhwala ake alipo. Mmisiri amathira potassium bromide kapena benzotriazole m'madzi otsukira, ndipo madziwo amawaziziritsa ndithu. Koma apa ndi pamene pagona vuto, pakuti mankhwala oletsa chifunga sasankha. Akachuluka amafafaniza ndi mbali zofooka za chithunzi, zija za mumthunzi, m'mene nthawi zambiri mumakhala maso a munthu. Akachepa, chifunga chimakuta zonse. N'chifukwa chake wochenjera amayamba wapereka galasi limodzi ngati nsembe, kulidula tizidutswa ndi kuyesa mlingo uliwonse pansi pa nyali yofiira. Galasi limene sanajambulirepo amalipatsa kuwala kochuluka pojambula, popeza ukalamba umalichepetsa mphamvu. Koma galasi limene wina anajambulirapo kale, mwina munthu amene anatisiya, silipereka danga lachiwiri. Likalowa m'madzi lalowa, ndipo dzanja la wotsukayo liyenera kudekha ngati la mzamba.

Kuzizira kumachedwetsa chifunga. Mu 1897 Nils Strindberg anajambula ulendo umene Salomon August Andrée anatsogolera wofuna kufika kumpoto kwenikweni kwa dziko pa baluni. Amuna atatu onse a pa ulendowo anafera komweko. Mafilimu ake, pakuti iye sanatenge magalasi, anapezeka pa chilumba cha Kvitøya mu 1930 atakhala mu ayezi zaka 33. John Hertzberg anawatsuka ku Stockholm napulumutsa zithunzi 93, ndipo pa chimodzi mwa izo pakuoneka baluniyo itagwa cham'mbali pa ayezi, amuna awiri ataima pafupi akuiyang'ana.