Ulalo wa Chitsulo wa pa Chiromo

M'chaka cha 2018, sukulu zitatsekera, mpingo unandituma kukachezera abale athu a ku Makhanga, kutsidya la kum'maŵa kwa Shire. Ndinatsika phiri pa msewu wokhotakhota wochokera ku Blantyre, ndinaoloka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, ndi kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo kufikira ku Bangula. Pamenepo galimoto linatitula, pakuti kutsogoloko kunalibenso njira.

Aŵerengi okondedwa, malo ameneŵa ndinayamba kuwaona ndili mnyamata, pa zenera la sitima. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Itaoloka Shire pa Chiromo, inakwera mapiri motsata mtsinje wa Ruo, umene uli malire a dziko lathu ndi Mozambique, kudzera pa Sankhulani ndi Thekerani. Makolo athu ndiwo anagumula zitundazo ndi makasu, nasenza dothi pamutu m'dzuŵa loswa mtengo.

Ulalo wa pa Chiromo unakokoloka m'chaka cha 1948, ndipo njala ya 1949 inapeza njira ya ku Beira ili yoduka pomwepo. Watsopano unatha mu 1950, womangidwa ndi zitsulo zazikulu zopingasana, chilichonse chogwiriziza chinzake. Sitima ikaloŵamo, ulalo wonse unkalira, ife ana n'kumaŵerenga zitsulozo mpaka kusokonezeka.

Tsono mu 1997 madzi anasefukiranso. Zitsulo anazilephera, koma anadula mtumbira wa dothi umene unkanyamula njanji ndi msewu pakati pa ulalowo ndi Bangula. Pamene panadukapo anthu amapatchula kuti Mtayamoyo, ndipo dzinalo silifuna womasulira.

Ndinaloŵa m'bwato pamodzi ndi njinga ziŵiri, matumba a mpunga ndi mayi wina wobereka khanda lodwala. Madzi anali pafupi ndi milomo ya bwatolo. Wopalasa anandiona ndikunjenjemera, nati, "Khalani phee, bambo. Mukagwedezeka mutimiza tonse." Mayi uja sanayankhule konse, maso ake anali pa mwana basi.

Titakocheza ndinayenda kukauona ulalo uja. Ndinaupeza uli chiimire, dzimbiri lili mbuu, ana akuŵedza nsomba munsi mwake. Ndinagwira chitsulo chimodzi, chotentha ngati chiwaya cha pamoto, ndipo chisoni chinandigwira. Ntchito yolimba chotere inasanduka yachabe chifukwa cha dothi la m'mbali mwake, limene palibe ankaliyamikira pamene linalipo.

Madzi amene amazunza a kuchigwa amachokera kwathu kumtunda. Ruo amayambira pa phiri la Mulanje, ndipo m'zitunda zimene amadutsa tadulamo mitengo, talima mpaka m'gombe. Mvula ikagwa, madzi amatsika mwaukali ndi mchenga wotseka mitsinje, monga tinaonera mu 2015 ndiponso pa namondwe Freddy mu 2023. Mutu umodzi susenza denga: amisiri angamange ulalo, koma kuusunga ndi udindo wa wolima kuphiri.

Nditabwerera kusukulu ndinafotokozera ana za mayi wa m'bwato uja. Mvula itayamba, tinadzala mitengo m'mbali mwa kamtsinje ka kuseri kwa sukulu yathu. Nanga inu, kwanuko mwadzala ingati?