Ku Rucker Park dzina umachita kupatsidwa ndi anthu

Inu ogulitsa kaunjika mwagwirapo majezi olembedwa Lakers kapena Bulls, mwinanso n'kukweza mtengo poona anyamata akulimbirana. Koma ndikuuzeni akuluakulu, ku New York kuli bwalo la basketball limene linatulutsa anthu amene anawakana matimu awiri amenewa maso ali gwa! Dzina lake ndi Rucker Park, ndipo ine ndinakapondapo ndi mapazi angawa.

Kukafika n'kosavuta. Umakwera sitima ya pansi pa nthaka n'kutsika pa 155th Street ku Harlem, dera lotchuka la anthu akuda. Ukaliona bwalolo utha kukhumudwa: mpanda wa waya, mabenchi, ndiye nyumba zosanja za Polo Grounds zili njo kutsidya kwa msewu. Basi. Msika wa Limbe ndi waukulu kutalitali.

Mwini dzinalo, a Holcombe Rucker, ankayang'anira mabwalo osewerera ana mumzindawu. Cha m'ma 1950 anayambitsa mpikisano wa nthawi yotentha kuti ana asamangoyendayenda m'misewu. Bamboyu ankaona kaye zotsatira za kusukulu mwana asanagwire mpira, ndipo mazanamazana anapeza malo ku koleji kudzera mwa iye. Anamwalira ndi khansa mu 1965 asanakalambe, ndipo mu 1974 malowa anawatcha dzina lake.

Masana, pakakhala palibe mpikisano, lamulo ndi limodzi: opambana atsala, ogonja atuluka. Amene akufuna kulowa amangonena kuti wotsatira ndi iye, n'kusankha anzake. Ndinaona mnyamata wina wamtali ngati mlongoti, nsapato zatsopano zonyezimira, atazunguzidwa ndi kamnyamata kakafupi mpaka kukhala pansi. Kuseka kwake anthu! Panalibe womumvera chisoni. Pa mpikisano weniweni pamakhalanso munthu wa maikolofoni amene amayendayenda m'bwalo momwemo, kunyoza ophonya ndi kupereka maina kwa ochita bwino. Dzina la pa Rucker sugula, sudzipatsanso wekha.

Akatswiri a NBA ankabwera okha kudzadziyesa: Wilt Chamberlain, Kareem Abdul-Jabbar, Julius Erving uja amati Dr. J. Akamasewera Erving, ana ankakwera m'mitengo ndi padenga la sukulu yoyandikana nayo kuti aone. Kobe Bryant anafika mu 2002, ndipo mu 2011 Kevin Durant anamwetsa mapointi 66 usiku umodzi.

Koma ukacheza ndi madala a pamabenchi, amenewa sawatchula kwambiri. Amakamba za awo amene sanapite patali. Pee Wee Kirkland anasankhidwa ndi Chicago Bulls mu 1969, iye n'kubwerera kumsewu kumene ndalama zinkabwera mwachangu. Mapeto ake inali ndende, ngakhale atatuluka anasintha n'kuyamba kulangiza achinyamata. Joe Hammond, wotchedwa The Destroyer, anamufuna a Lakers mu 1971. Anakana, ati malonda a mankhwala ozunguza bongo ankamupatsa zoposa malipirowo. Nayenso anakalowa. Inu a pamsika mukuidziwa ndalama yotere, yobwera m'mawa ikuthamanga, madzulo yapita ndi mpamba womwe.

Nkhani imene imawakhudza kwambiri ndi ya Earl Manigault, The Goat. Sanali wamtali kwenikweni poyerekeza ndi anzake, koma ati ankadumpha n'kutola ndalama yachitsulo pamwamba penipeni pa bolodi, mamita pafupifupi 4 kuchokera pansi. Mdala wina anawonjeza kuti ankasiyapo ndi chenji. Apo ndiye ndinaseka, koma nkhope ya mkuluyo inali yosaseka, ndiye ndinangotseka pakamwa. Akuti Abdul-Jabbar yemwe, atafunsidwa za katswiri woposa onse amene anakumana naye, anatchula The Goat.

Manigault sanasewereko NBA ngakhale tsiku limodzi. Heroin inamudya, anamangidwa kawiri. Atasiya, anayambitsa mpikisano wake wochotsa ana ku mankhwalawo, pabwalo lina kumunsi kwa Harlem, cha ku Amsterdam Avenue, limene anthu amalitcha Goat Park. Mtima wake unali utaonongeka kale, ndipo anamwalira mu 1998 ali ndi zaka 53.