Linux yalowa, koma mawu kulibe

Anthu ambiri amabwerera ku Windows chifukwa cha sipika zongokhala chete. Munthu waika Ubuntu bwinobwino, intaneti ikugwira, koma nyimbo zii, basi n'kuganiza kuti kompyuta yawonongeka.

Musathamangire kufufuta Linux. Tsegulani terminal, lembani alsamixer, dinani F6 musankhe khadi ya mawu. Mukaona MM pa Master kapena Speaker, ndiye kuti mawu angotsekedwa. Dinani M, pasinthe pakhale OO. Nthawi zina mawu amakhala akuthawira ku HDMI komwe kulibe TV.

Zimavutadi pamene kompyuta ikungolemba Dummy Output. Malaputopu ambiri atsopano a Intel amafuna Sound Open Firmware, ndipo pa Debian ndi Ubuntu dzina lake ndi firmware-sof-signed. Ikani, zimitsani kompyuta, yatsaninso. Zimandiwawa kuona PipeWire, pulogalamu yoyendetsa mawu, ikunyozedwa pa mlandu womwe kawirikawiri si wake, pomwe ALSA, imene imalankhula ndi khadiyo mkati mwa kernel, sinaidzutse n'komwe.

Inu amene mumaikira anzanu Linux, chonde lizani kaye nyimbo, pa sipika ndi pa mahedifoni pomwe, musanawabwezere makina awo.