Mafuta a Mlongo Wace

Mtsikana wina wa ku Katete, amene anapita ku Sapporo m'dziko la Japan kukaphunzira za matenda a ziweto pa Hokkaido University, anaima nthawi yaitali m'sitolo ya mankhwala ya Tsuruha, botolo kudzanja ili, botolo kudzanja ilo. Kunja kunali kuzizira koopsa, koma iye anali kufuna mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Sanali ace ai. Anali a mlongo wace wa zaka 9, mwana wacialubino, amene m'khosi ndi m'makutu mwace munayamba kuoneka zilonda cifukwa ca kubusa ng'ombe padzuwa. Zilonda zotere zikalekeredwa zimasanduka kansa ya pakhungu, ndipo mtsikanayo anali kudziwa zimenezi bwino lomwe.

Kumanja anagwira mafuta a Dr.G, kampani ya ku Korea imene inayambitsidwa ndi dokotala wa khungu. Kabotolo kace kanali kaudongo ngati kocokera m'cipatala, ndipo mtima wace unakakonda, pakuti ndani safuna kupatsa mbale wace cinthu cokhala ndi dzina la dokotala? Zodzola za ku Korea zachuka ndithu kumeneko, kotero kuti m'caka ca 2022 Korea inapambana France pa kugulitsa zodzola ku Japan. Kumanzere anagwira Skin Aqua, mafuta wamba a kampani ya Rohto ya ku Osaka, imene inayamba nchito mu 1899 ndi mankhwala a m'mimba. Botolo lace linali lalikulu, la magalamu 140, ndipo mtengo wace unali wotsikirapo.

Pa mabotolo onse awiri panalembedwa SPF50+ ndi PA++++, zizindikiro za mphamvu yochinga dzuwa. Iye anakumbukira kuti mu 2020 mafuta ena a ku Korea, a kampani ya Purito, olembedwa 50+, atayesedwa ku Ulaya anapezeka kuti afika pa 19 cabe. Sikuti onse a kumeneko ali otero, koma nkhaniyo inamphunzitsa kusakhulupirira maonekedwe a botolo. Cinamvuta koposa ndi cina. Nambalayi amaipeza podzoza mafuta ambiri, mamiligalamu 2 pa kamalo konga cikhadabo ca cala, ndipo munthu wokhala padzuwa afunika kudzolanso pakapita maola awiri. Wodzola modontheza sapeza ngakhale theka la citetezoco.

Tsono anaimba foni kumudzi, kumene kunali kusanakwane masana.

“Amai, mafutawa akafika muzimdzoza kangati mwanayo?”

“Pa Sondo, mwananga, popita ku chalichi. Zinthu za kunja sitiseweretsa.”

Anawadziwa amai ace. Sopo wonunkhira amene anawagulira ku Lusaka zaka zitatu zapitazo anali cikhalire m'bokosi, pansi pa citenje ca ukwati. Kabotolo ka dokotala kakanagona pomwepo, mwana ali kupsa kudambo.

Anakabweza pa shelefu mosafuna. Anatenga mabotolo asanu ndi limodzi a Skin Aqua, ndipo m'sitolo ina anagula cipewa ca mlomo waukulu ndi malaya awiri a manja aatali. Usiku umenewo anakhala pansi ndi colembera, nalemba dzina la mwezi pa botolo lililonse, kuyambira Epulo. M'munsi mwace analemba kuti, “Amai, ndi ochipa. Lithe mwezi uno.”