Dipuloma yanga idakanika kukonza mjigo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiulule manyazi anga pa tsamba lanu lino, poti mwina alipo aphunzitsi anzanga amene akudwala nthenda imene ndidadwala ine.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Mulanje, kutali ndi msewu wa tala. Chaka chilichonse ndimajambula mpope pa bolodi. Ndimajambula silinda, mavavu awiri ndi mivi yoloza kumene madzi akupita, kenako ndimauza ana kuti mpweya wotizingawu umapsinja madzi, koma mphamvu yake siingawakweze m'paipi kupitirira mamita pafupifupi 10. Ana amalemba, ine n'kufufuta.

Tsiku lina mu 2022 mtsikana wina wa Fomu 3, amene ankakhala kumbuyo ndipo sankayankhulayankhula, adakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga mjigo wathu uja akuti ndi wakuya mamita oposa 30, madzi ake amakwera bwanji?" Ndidamuyamikira chifukwa cha funso labwino, n'kulisandutsa ntchito yokachitira kunyumba. Aphunzitsi anzanga akudziwa tanthauzo la zimenezi. Yankho ndidalibe.

Mjigo umene mwanayo ankanena uli kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo timatungapo pamodzi ndi anthu a midzi iwiri. Mu Januwale 2023, mwezi umene boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera, mjigowo udayamba kufooka. Mmawa munthu ankapopa mpaka thukuta madzi asanaoneke, ndipo akatuluka ankangodontha ngati tachita kuwapempha. Patapita sabata udaumiratu. Amayi adabwerera kumtsinje, atsikana athu n'kumafika m'kalasi phunziro loyamba litatha. Mkulu amene amakonza mijigo m'dera lathu adali ku maliro ku Milange, kutsidya kwa Muloza, ndipo foni yake sinkapezeka.

Apa m'pamene ndidadzitama. Ndidauza a komiti ya mjigo kuti mpope ndimauphunzitsa chaka ndi chaka, angondipatsa sipanala basi. Mayi amene ndi wapampando adazengereza, koma akadamukana bwanji mphunzitsi wa ana awo? Kutsegula chivindikiro ndi kuchotsa chogwirira sikudandivute, ndipo anyamata a Fomu 4 amene ankandithandiza adayamba kale kundichemerera. Tidayamba kukoka marodi, ndodo zachitsulo zokolana zija, iliyonse yotalika mamita pafupifupi atatu. Yoyamba idatuluka, yachiwiri idatuluka. Pokolowola yachitatu sindidatchinjirize zotsalazo, manja ali onyowa, ndipo zonse zidandipulumuka n'kubwerera pansi. Phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero.

Padangoti zii. Kenako wapampando adafunsa mwaulemu, ulemu wopweteka uja: "Kodi aphunzitsi, pepala la ntchito imeneyi muli nalo?"

Pepala ndidali nalo, dipuloma ya ku Domasi yopachikidwa pabalaza, koma silimene ankafunsa. Vuto limene likadatha tsiku limodzi lidatenga masiku ena 9. M'masiku amenewo mwana wina wa Fomu 1 adagonekedwa m'chipatala atatsegula m'mimba. Adachira, ndipo palibe adandiloza chala, koma ine tulo tidandithawa.

Mkulu uja atabwera sadandikalipire. Adasuzumira m'paipi, adapukusa mutu, n'kupinda chitsulo chopyapyala kukhala mbedza. Adawedza kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Marodi atatuluka tidapeza kuti kugwa kuja kudang'amba paipi ina pansi, ndiye mapaipi onse adayenera kuzulidwa, kudulidwa ndi kumatidwanso, ntchito yofuna amuna angapo ndi mitengo ya mphanda yochirikizira. Komiti idayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama, theka linalo ndidachotsa pa malipiro anga. Zonse zitatha, mkuluyo adandiika m'manja timalabala tiwiri tozungulira, tosaposa chibangili cha mwana wakhanda, tonse toperepeseka. Mtengo wa tonse tiwiri sufika ngakhale pa nkhuku imodzi.

"Mwaona, aphunzitsi? Odwala adali awa okha. Enawa mwawavulaza ndinu."

Tsiku lomwelo ndidapeza yankho la mtsikana uja. Mpope wa m'buku umayamwa madzi uli pamwamba, n'chifukwa chake uli ndi malire. Pa mjigo wathu silinda ili pansi, yomira m'madzi momwemo. Munthu akatsitsa chogwirira, marodi amakoka pulanja, pulanjayo n'kunyamula madzi onse amene ali pamwamba pake, pomwe futuvavu imatsekera pansi kuti okwera kale asabwerere. Labala wa pa pulanja akatha, madzi amathawira m'mbali. Wa pa futuvavu akatha, paipi imakhuthuka usiku, ndipo woyamba kutunga mmawa ndiye amavutika. Ndidakafotokoza zimenezi m'kalasi nditanyamula timalabala tija. Mtsikanayo, amene tsopano adali Fomu 4, adangogwedeza mutu ngati munthu amene wabwezeredwa ngongole yakale.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkatsatira mkulu uja, chikwama chake cha zipangizo chili pa kaliyala wa njinga yanga. Ku sitafu anzanga adandiseka kuti ndasanduka kaboyi wa mekaniki. Sindidawakwiyire kwambiri, chifukwa ine yemwe ndidali ndi chizolowezi choopseza ana aulesi kuti akalephera MSCE adzakhala okonza njinga pansi pa mtengo. Mawu amenewo ndinkawanena ngati temberero, osaganiza kuti ena mwa ana amene ankandimvera fizi yawo idachokera pansi pa mtengo pomwepo.

Bamboyo sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. Akafika pa mjigo sankathamangira sipanala. Ankayamba wafunsa amayi otunga kuti vuto lidayamba liti, kenako n'kupopa yekha khutu lili pafupi ndi chitsulo. Chogwirira chikamagwedera m'mbali, ndiye kuti mabushi atha. Chikapepuka ngati mulibe kanthu, rodi yakolowoka kapena yaduka. Adandiphunzitsa kupopa maulendo 40 m'mphindi imodzi n'kuona ndowa ya malita 20: mjigo wabwinobwino umatsala pang'ono kuidzaza, koma madzi akalephera kufika theka, mutsegule. Adandiphunzitsanso kuusiya mjigo theka la ola n'kuwerenga kuti madzi atuluka pa ulendo wachingati. Akapitirira maulendo asanu, penapake pakudontha. Ndipo marodi saikidwa padothi pamene padutsa mbuzi ndi nkhuku. Amagonekedwa pa mitengo, amatsukidwa ndi madzi a kolorini, chifukwa chilichonse chimene wabwezera m'paipi mawa chimwedwa ndi mwana wa munthu. Ine wa sayansi ndi amene ndinkaiwala zimenezi, iwo ayi.

Kenako kudabwera namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Za anthu amene tidataya kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre ena adalemba kale, ndipo ine sindingazikwanitse. Ndingonena za madzi akumwa. Mapaipi ambiri otsitsa madzi kuchokera m'phiri adakokoloka, ndipo midzi imene idazolowera mipopi idatembenukira ku mijigo. Mjigo umene umayenera kutumikira anthu pafupifupi 250 unkapopedwa kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Labala wokhala chaka ankatha m'miyezi yochepa. Mekaniki mmodzi wa pa njinga sakadakwanitsa.

Bungwe lina, mogwirizana ndi alangizi a zamadzi, lidapempha mafumu kuti apereke mayina a anthu okaphunzira ukatswiri wokonza mijigo. Dzina langa litatchulidwa pa msonkhano, ena adakana. Adati mphunzitsi ndi mlendo, boma likhoza kumusamutsa mawa, luso n'kupita naye. Adatinso ine ndili kale pa malipiro pomwe m'mudzimo muli anyamata ndi atsikana ongokhala. Kunena zoona, mfundo zawo zidali zomveka, ndipo mpaka pano sindinganene kuti adalakwa. Amene adandipulumutsa ndi mkulu uja. Adaimirira n'kunena kuti, "Mafumu, munthu amene adagwetsapo marodi anthu akuona sadzagwetsanso. Ine ndidagwetsa anga kalekale." Anthu adaseka, ndipo amfumu adagamula kuti ndipite, koma ndisadzachoke m'deralo ndisanaphunzitse achinyamata awiri. Ndidavomera pamaso pa onse.

Maphunzirowo adachitika pa tchuthi chachikulu, sabata yathunthu. Kumeneko ndidamva koyamba kuti mjigo wa Afridev, umene tonse timauyesa wachilendo, udayambira m'dziko mwathu muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Poyamba unkatchedwa Maldev, udayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kenako udakakonzedwanso ku Kenya. Cholinga chake chidali choti anthu a m'mudzi azitha kusintha okha zokutha msanga popanda kudikira galimoto yochokera ku boma. N'chifukwa chake pulanja ndi futuvavu zimatuluka ndi marodi popanda kuzula mapaipi, ndipo manati ake akuluakulu amamasulidwa ndi sipanala imodzi. Ndidachita manyazi kuti nkhani yotereyi sindidaiphunzitsepo mwana aliyense.

Zolemba sizidandivute, koma kumata mapaipi kudandigwetsa ulendo woyamba. Paipi imafuna kuidula mowongoka, kuisosola m'mphepete, kuipukuta, kupaka guluu mwachangu, kulowetsa kamodzi n'kamodzi, kenako kudikira kuti igwire. Ine ndidapupuluma, ndipo mlangizi adangoikoka n'kuizula anthu akuona. Amene adatiposa tonse adali mayi wina amene sukulu adalekezera Sitandade 7. Tsiku la mayeso alangizi adabisa vuto m'mjigo kuti aliyense alipeze yekha. Mayiyo adapopa kangapo, adamvetsera, n'kunena vutolo asanagwire sipanala. Ine ndidalipeza nditatulutsa zonse.

Satifiketi yake ndi kapepala wamba, kopanda riboni, ndipo palibe adavala gauni. Koma yasintha zinthu zingapo. Makomiti tsopano amasayina nane mgwirizano woti ndiziyendera mjigo usanawonongeke, ndipo zonse zimene ndasintha zimalembedwa m'kope lawo, ndi tsiku lake. Yandipatsanso mphamvu yokana. Ndalama zikasowa, anthu amafuna ndidule labala wa tayala kapena wa patapata n'kuika m'malo mwa weniweni. Kale ndikadavomera kuti ndioneke wanzeru. Pano ndimati sindidaphunzitsidwe choncho, ndipo amandimvera. Chitsime chenichenicho chikadzaza mchenga kapena kugumukira mkati, ndimatseka chikwama n'kuimbira a zamadzi ku boma, chifukwa pamenepo ntchito yanga yathera. Chimene satifiketi yalephera ndi kuchititsa anthu kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi madzi akutuluka bwinobwino. Amasonkha mjigo ukafa, akunyinyirika, mtengo utakwera kale. Imeneyo ndi nkhani ina, ya tsiku lina.

Achinyamata awiri aja ndidawapeza. Mmodzi ndi mnyamata amene ndidamuopsezapo ndekha ndi mawu a pansi pa mtengo aja. Manja ake ndi ofatsa kuposa anga.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi china. Mkulu amene adandiphunzitsa uja naye adachitapo maphunziro zaka zambiri zapitazo, makomiti a mijigo atangoyamba kumene, ndipo pepala lake ankasunga m'sutukesi pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana ake. Madzi a Freddy adagwetsa khoma la nyumba yake n'kutenga sutukesiyo. Tsopano alendo a mabungwe akabwera n'kufunsa kuti wophunzitsidwa ndani kuno, anthu amaloza ine. Amandipatsa mpando, amalemba nambala yanga, ntchito zolipira bwino zimabwera kwa ine. Bamboyo amaima chapatali atagwira njinga. Ndikawauza alendowo kuti katswiri weniweni ndi awo, amamwetulira n'kufunsa funso lomwe lija limene wapampando adandifunsa ine. Ndalama timagawana, koma iwo sakufuna kugawiridwa ndi wophunzira wawo. Akufuna dzina lawo lilembedwe.

TEVETA ili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene adaphunzira luso pogwira ntchito n'kuwapatsa mapepala. Pempho langa kwa adindo n'lakuti njira yonga imeneyi ifikenso kwa okonza mijigo akumidzi. Wina abwere, abise vuto m'mjigo monga adachitira nafe, awapatse sipanala, aone.

Pakadali pano talemba kalata yopempha pepala lina m'malo mwa lotayikalo, amfumu adindapo chidindo. Tapita nayo kawiri ku ofesi ina. Ulendo woyamba woisamalira adali ku msonkhano, wachiwiri adati mabuku a zaka zimenezo ayambe awafunafuna. Lachiwiri likubwerali tipitanso. Ndapempha kale ahedi kuti maphunziro anga a mmawa awasunthire masana, ndipo bamboyo akuti tinyamuke tambala woyamba kuti pobwerera tidutse pa mjigo wina umene chogwirira chake chayamba kugwedera.

Mphunzitsi,
Mulanje